Agogo a Pakhoma

Zaka zimene migodi inali pachimake, anthu a ku Perth, mzinda wa kutsidya kwa nyanja kumene tinkakhala, ankataya zinthu zabwinobwino. Nthawi ndi nthawi khonsolo inkalengeza sabata yoti aliyense atulutse zomwe watopa nazo, aziunjike m'mbali mwa msewu, lole idzatole. Mipando, mafiriji, njinga za ana, zonse zinkangokhala padzuwa. Ine ndinali mkazi wa injiniya, choncho sindinkatola. Ndinkangoyendetsa galimoto pang'onopang'ono, buti ili yotsekula. Ndipo ndinkapita kutali ndi kwathu ku Girrawheen kuopa kuonedwa ndi Amalawi anzanga, amene ndinkakumana nawo komweko.

Tsiku lina ndinabwerako ndi zithunzi zitatu za m'mafelemu. China chinali kambalame kabuluu kojambulidwa ndi utoto wamadzi, dzina lake litalembedwa m'munsi m'chinenero chimene sindinachidziwe. China chinali ng'ombe yonenepa, yamakona anayi ngati kabati, timiyendo tochepa. Chachikulu chinali mzungu wamakedzana wa ku Mangalande, atavala jekete yofiira, tsitsi loyera lopotanapotana longa la majaji a kukhoti, dzanja lake lili pamutu pa galu. Nkhope yake inali ya munthu amene wamva fungo koma sakufuna kutchula mwini wake.

Ine ndinkafuna mafelemu basi. Kwathu kumudzi pakhoma la pabalaza sapachikapo munthu wachilendo. Pamakhala makolo, chithunzi cha ukwati, mwana atavala gauni, ndi kalendala. Mlendo akalowa amaloza n'kufunsa kuti awa ndi ndani, iwe n'kumufotokozera mtundu wonse tiyi asanapse. Felemu yaikulu ija, yamtundu wa golide, ndinaikonzera bambo anga.

Vuto linali loti chithunzi chawo ndinalibe. Bambo anagwira ntchito pa dibi ya ng'ombe ku Kasungu mpaka kupuma, ndipo kamera ankaiona ngati chidole cha anthu osowa chochita. Pa chithunzi cha ukwati wanga amayi akuoneka bwinobwino, koma bambo kukuoneka phewa ndi khutu limodzi. Ndiye ndinati mzunguyu ayambe wakhala pamsomali masiku ochepa, podikira kuti achimwene anga anditumizire chithunzi. Anakhalapo zaka zitatu.

Amuna anga ankakhala masabata awiri kumgodi, imodzi kunyumba. Ankapita pandege, n'kubwera ndi fumbi lofiira mpaka m'makutu. Ndi munthu wa nthabwala zonena osaseka. Tsiku loyamba kumupeza mzungu uja pakhoma, anaika chikwama pansi, kuvula kapusi, kupinda mawondo, kuomba m'manja mwaulemu.

"Agogo, tabwera."

Chinasanduka chizolowezi. Pobwera, agogo tabwera. Popita, agogo mutisungire pakhomo. Ndinkaseka nawo, mlandu umenewo sindiukana. Mwana wathu wamkazi anali ndi zaka zitatu panthawiyo, ndipo ankaima pambali pawo akuonerera, chala chili mkamwa.

Mwanayu anabadwira ku Perth. Chichewa ankamva chonse, makamaka chomukalipira, koma poyankha ankayankha m'Chingerezi chake cha m'mphuno. Tikaimba foni kumudzi, ankangoti halo n'kuthawa. Bambo anga nawo khutu linali litayamba kuvuta, moti awiriwa anali asanamvanepo mawu oposa atatu, chonsecho dzina limene mwanayo ali nalo ndi la amayi awo a bambo, ndipo anamupatsa dzinalo ndi bambo angawo.

Atayamba sukulu, tsiku lina aphunzitsi ake anandidikirira pageti akumwetulira, pepala lili m'manja. Ana anawauza kuti ajambule banja lawo. Mayiyo anati samadziwa kuti tili ndi magazi a ku Mangalande, nayenso agogo ake anachokera komweko, kodi athu anali a chigawo chiti? Ndinayang'ana pepala lija. Ndinalipo ine, ndi mutu waukulu. Analipo bambo ake atavala malaya a olenji, ataima pandege. Pakati penipeni panali munthu wa jekete yofiira ndi galu, m'munsi mwanayo atalemba yekha kuti agogo. Ng'ombe ija nayo inalipo, akuti ndi ya kumudzi kwathu.

Ndinawayankha aphunzitsi kuti agogo a mwanayu ndi a chigawo chapakati, n'kulowa m'galimoto.

Nditafika kunyumba ndinamutsitsa mzungu uja, mwana n'kulira ngati ndamumenyera m'bale wake. Ndinafuna kukalipira amuna anga, koma netiweki ya kumgodi inkangogwira munthu akakhala wosakwiya. Ndiye ndinakhala pansi ndekha ndi manyazi anga. Sanali manyazi okha, ndinachita mantha. Mwana wazaka zisanu ndi chimodzi sankadziwa nkhope ya agogo ake, ndipo amene anamupatsa agogo ena ndinali ine, nditawatola pamsewu.

Lamlungu ndinaimbira bambo. Nkhaniyo ndinaifotokoza ngati yoseketsa, ndikufuula chifukwa cha khutu lija. Iwo sanaseke.

"Mzunguyo waima bwanji?" anafunsa.

Ndinawafotokozera.

"Galu ali mbali iti?"

"Kumanja kwake, bambo."

"Nanga ng'ombeyo ndi yotani?"

Ndinawafotokozeranso. Anati ng'ombe yotero ikalowa mu dibi situlukamo. Anandiuza kuti ndidule foni, mayunitsi angandithere.

Patatha mwezi ndi masiku, mayi wina wa kutchalitchi kwathu pobwera kumudzi ananditengera envulopu. Munali chithunzi chimodzi ndi kakalata ka achimwene. Bambo anali ataima kutsogolo kwa khoma la njerwa, atavala suti yomwe anavala pa ukwati wanga, chibwano chili m'mwamba. Jekete yofiira analibe, ndiye anamanga tayi yofiira yobwereka. Dzanja lawo lamanja linali pamutu pa galu.

Bambo anga sankagwira galu. Anawaluma ali anyamata pa ntchito yobaya katemera wa chiwewe, ndipo kuyambira pamenepo pakhomo pathu galu ankangodutsa chothamanga. Achimwene analemba kuti galuyu anachita kubwereka kwa aneba, anamusambitsa ndi sopo wochapira, ndipo kuti akhale pansi panapita bonya wodzaza mbale. Wojambula anabwera kawiri chifukwa ulendo woyamba galu anakhala kumanzere.

Ndinaseka mpaka misozi. Kenako ndinayang'ana kolala ya malaya awo, kuseka kunathera pomwepo. Khosi linkangosambira m'menemo. Suti imene inkawathina pa ukwati wanga inali itangolendewera m'mapewa, ndipo dzanja linalo, limene linkaoneka ngati aliika kumbuyo mwaulemu, linali litagwira khoma. Palibe amene anandiuzapo. Lamlungu lililonse yankho linali lomwelo: tili bwino, kaya inu kumeneko. Kwathu munthu wa kutali samuuza matenda, amati angadandaule, amadzamuuza zikatha.

Chithunzicho ndinachiika mu felemu yagolide. Chinali chaching'ono, chinakhala pakati, mbali zonse kuli pepala loyera. Mzungu anapita kugalaja, kuyang'ana kukhoma. Mwana anaima pampando n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Ndinamuuza kuti awa ndiwo agogo ako enieni, bambo anga ondibereka. Anangoti galuyu ndi woonda.

Amuna anga atabwera, anaika chikwama pansi monga mwa masiku onse, pakamwa patatseguka kale. Ataona amene ali pakhoma anatseka pakamwa, n'kugwada zenizeni, mawondo onse awiri pansi. Tsiku lomwelo tinagwirizana kuti zodikira Disembala kuti tipite kumudzi tiziiwale, tipite mwezi womwewo.

Tinafika ku Kasungu masana, mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Pakhonde panali amuna anayi achikulire: amalume, abambo aang'ono, mkulu wina wa mpingo, ndi bambo. Njira yonse mtima unali m'mwamba kuti mwanayu akabisala kumbuyo kwanga, kapena choipa kuposa apo, akathamangira kwa amalume, amene ndi oyererapo khungu. Bambo anali pampando wandalema, atavala suti ija m'kutentha konseko, ndi tayi yofiira. Pansanamira ya kumanja kwawo anamangirira galu, ubweya usanaume bwino. Akuti anamubwereka m'mamawa.

Mwana anasiya dzanja langa. Anadutsa amalume, anadutsa mkulu wa mpingo amene anali atatambasula kale dzanja, n'kukaima patsogolo pa bambo. Anapinda mawondo, naomba m'manja monga ankaonera bambo ake.

"Agogo, tabwera."

Chinali Chichewa choyamba chimene ndinamumva akulankhula yekha, wosamukakamiza. Amayi anga anathamangira kuseri kwa nyumba, chitenje chili kumaso. Bambo anachotsa dzanja pamutu pa galu, naliika pamutu pa mwana.

"Mwandizindikira bwanji, amayi?" anamufunsa mwanayo, poti dzina lake ndi la amayi awo.

Mwana analoza galu.

Bambo anagwedeza mutu, maso ali pansi, kwa kanthawi ndithu. Kenako anaitana achimwene ndi mawu awo a ku dibi aja.

"Ukawauze eni ake kuti galuyu agona konkuno mpaka alendo abwerere."