Pensulo Imene Ndinaibweza

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene amalume anga a Jailosi anadzanditenga ku Ngokwe. Nthomba inali itandilanda maso, ndipo ntchito yanga inali kusankha zinyalala mu thonje ndi zala. Iwo ankagwira ntchito ya lamya pa siteshoni ya Balaka, masiku amene mauthenga a sitima ankayenda pa waya mochita kugogoda, chilembo chilichonse ndi kagogodedwe kake. Anandiphunzitsa ndi supuni pa mbale yachitsulo mpaka azakhali anatopa nafe n'kubisa masupuni.

Kenaka kunamveka kuti kukubwera mzungu kudzayesa anyamata ofuna kuphunzira ntchitoyo. Ndinkadziwa kuti ndikalephera ndibwerera ku thonje, ndipo amayi akadzamwalira ndidzakhala wopemphetsa pamsika. 

Popita ku mayesoko m'mawa amalume anandiimitsa pafupi ndi njanji. "Mphwanga, akakupatsa pensulo usakangoti chete. Ukanene chimene ukufuna. Ine sindikakuyankhulira, angati ndikukubera mayeso."

Zimenezo zinandiopsa kuposa mayesowo. Ife tinaleredwa kuti mwana salamula wamkulu, nanji mzungu.

M'chipinda cha mayeso munkanunkha mafuta a makina ndi utsi wa malasha. Wina anandiika pensulo m'manja. Makina anayamba kugogoda, anzanga n'kumalemba. Mawu onse ndinkawamva bwinobwino, akungondidutsa, pepala langa lili loyera.  Uthenga woyamba unatha ndisanatsegule pakamwa.

Ndinaimirira n'kutambasula dzanja kuti ndibweze pensulo ija. "Pepani bwana, kumva ndikumva, koma sindiona. Ndiloleni ndizinena pakamwa, wina alembe."

Womasulira amene mzunguyo anabwera naye anamufotokozera mawu anga. Mzunguyo anavomera, koma anati wolemba asakhale amalume kapena aliyense wodziwa lamya. Anzanga anawatulutsa kaye, n'kuitana kalaliki wa thonje amene ankadikira sitima, bambo onunkha fodya amene sanasangalale nazo.

"Iwe, uziyankhula mokweza," anatero bambowo. "Ine makutu anga anatha ndi phokoso la sitima."

Makina anayambanso, ine ndikutchula chilembo chimodzichimodzi. Pakatikati mawu anandithera, ndinaphonya ziwiri, koma sindinaime. Makinawo atasiya, mzunguyo anati uthenga woyamba uja wandipita, sangaubweze. Ndinakhoza movutikira, womaliza mwa amene anatengedwa.

Kunja amalume sanandiyamikire. Anangondigwira phewa. "Ukanachedwa pang'ono, ndikanakomoka ndine," anatero.

Lero ndakalamba, ndipo lamya yogogoda inatha kalekale. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti mayeso aja ankafuna makutu anga, pensulo inangonditsekereza pakhomo. Panalibe amene akanaichotsa ine ndili chete. Uthenga woyamba uja ndimaukumbukirabe mawu ake onse, ndipo palibe anaulemba.