Maliro a Pakhomo pa Ba Gaspari

"Ukaponda pakhomo paja, usabwerenso muno! Wamvera, Lazalo?"

Atate anakuwa mawu amenewa ataima pachitseko, lamba ali m'manja, ngakhale kuti ndinali nditawapitirira kale msinkhu. Ndinali mu Giredi 9, ndipo mtima wapachala umene anthu amandidziwa nawo lero ndinali nawo kale.

"Ndi mwana wamwalira, atate. Mwana!"

"Nanga Yohane anali galu?"

Yohane anali mng'ono wawo. Khomo limene ankandiletsalo linali la Ba Gaspari, oyandikana nafe ku Nangongwe, amene anathawa nkhondo ku Rwanda nafika ku Kafue ndi akazi awo Ba Odeta ndi kamtsikana kawo, Uwase. Ndikawakumbukira ndimamva fungo la parafini, sopo wodula ndi utsi wa mbaula umene unkatuluka m'kantemba kawo ka malata akale m'mamawa, sitima isanalire, iwo atawerama kuthira saladi, mafuta ophikira aja, m'timabotolo ndi kumanga ufa m'timapepala ta pulasitiki. Zaka zimenezo mafakitale ankachotsa anthu ntchito, ndipo abambo ambiri, atate anga omwe, ankangotsata mthunzi kuzungulira nyumba. Munthu wobwera dzulo akamagulitsa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, eni dziko ali manja lende, chidani sichichedwa.

Koma chimene chinawaonongera si kantemba ayi. Ba Gaspari sankapita kumaliro. Tsiku limene tinaika atate anga aang'ono aja, a Yohane, komboni yonse inatseka, ngakhale ogulitsa kachasu. Galimoto ya bokosi ikudutsa, azimayi akuimba, iwo anali pawindo la kantemba kupatsa munthu machesi. Atate anaona. Onse anaona. Mayi wina wa kutchalitchi analankhula mokweza kuti, "Asiyeni. Tsiku lawo likadzafika adzadziika okha."

Ine ndinawafunsapo, chifukwa pakamwa panga sipanakhalepo chitseko. Ndinati, "Ba Gaspari, imwe simumvera chisoni? Chifukwa chiyani simubwera kumaliro?"

Anapitiriza kupukuta botolo louma kale. Chinyanja chawo chinali chodukaduka. "Kwathu, Lazalo, anthu akasonkhana malo amodzi, ndiye amabwera aja opha anthu. Ine ndikaona gulu, miyendo imakana." Ine sindinauze munthu. Ndani akanamva?

Ndiye malungo anamutenga Uwase, kamwana kamene kankandithamangira ndikamachokera kusukulu kuti kanyamule chikwama changa. Ba Gaspari anachita zonse zimene ankaona ife tikuchita. Anatseka kantemba. Anatulutsa mipando yawo yonse panja, nakabwereka benchi ina. Anakoleza chitsa chachikulu pabwalo kuti azibambo awothe. Kenaka anakhala pansi kudikira.

Dzuwa linapendeka mipando ili yokha. Azimayi ankadutsa ndi zidebe pamutu, nkhope atatembenuzira kwina. M'nyumba munalibe kulira, chifukwa Ba Odeta sankalira mokuwa monga amachitira azimayi athu, ndipo zimenezo zinabala nkhani ina. "Mwamva? Zii! Mayi wanji ameneyo? Mwina amupereka okha kuti malonda aziyenda." Anyamata amene ankakumba manda a aliyense m'komboni anauzana kuti mawa palibe wogwira piki. Mwana akanagona m'nyumba tsiku lachiwiri, kutentha kwa mwezi wa Okutobala.

Ndi pamene ndinavala nsapato, atate n'kunditsekera njira.

"Munthu uja anandinyoza pamaso pa anthu," anatero. "Ine ndikulira m'bale wanga, iye akugulitsa machesi."

"Sanadziwe mwambo wathu."

"Ndalama yathu anaidziwa bwanji?"

"Ndiye mukulanga ndani? Uwase anakulakwirani chiyani? Inu mumapemphera Lasabata lililonse, koma mtima wanu ndi wa..."

Sindinamalize. Lamba anandipeza pakhutu. Ndinagwira lambayo kumapeto kwake, tinayamba kukokana ngati anthu osadziwana. Amayi analowa pakati, chitenje chikumasuka. "Atate ake Lazalo, anthu akumva! Iwenso khala pansi, ufuna tikhale ndi maliro awiri?" Ndinakhala, koma sindinadye. Pawindo ndinkaona utsi wa chitsa chija ukukwera, ndi msana wa Ba Gaspari pakati pa mipando yopanda anthu.

Kutangocha ndinapita kuseri kwa nyumba, ndinatenga piki ndi fosholo. Atate anali pakhonde akusukusula. Anayang'ana zida zija, anayang'ana ine.

"Ndanena kale," anatero.

"Ndamva," ndinayankha, n'kudutsa.

Kumanda ndinawapeza Ba Gaspari ali okha, atavula malaya, akulimbana ndi dothi louma ndi kakhasu ka m'dimba. Manja anali atachita matuza. Dzenje linali lofika m'mawondo, ndipo iwo anali atatulukamo kale, akusalaza m'mbali ngati ntchito yatha.

"Ba Gaspari, ndi chiyani ichi?"

"Yakwana," anatero. "Panjira, pothawa, tinkachita chonchi. Mnyamata wanga woyamba ndinamuika chonchi. Panalibe nthawi."

Sindinkadziwa n'komwe kuti anali ndi mwana wina. Monga mwa chikhalidwe changa, chisoni chinatuluka ngati ukali.

"Pano palibe amene akukuthamangitsani! Kuno timakumba mpaka munthu asaoneke mutu. Chokani apo, khalani pansi."

Anakhala pa mulu wa dothi, kakhasu kali pamiyendo. Ine ndinalavulira m'manja, ndinalumphira m'dzenjemo, n'kuyamba kukumba.