Tisheti ya Alamu, Kope la Mayi Fotokope

"Muvule! Ndati muvule malayawo, alamu, musanaponde mu shopu yanga!"

Wokuwayo anali Mayi Fotokope. Wouzidwa kuti avuleyo anali Magalasi, mwamuna wa mng'ono wawo, ataima pakhomo ndi tisheti yobiriwira, yolembedwa zikomo kumsana. Anthu odzajambulitsa zitupa anaiwala zitupa zawo n'kutchera khutu.

Mayiwa atha zaka khumi ndi zinayi m'kashopu kameneka. Muli tebulo limodzi, makina a fotokope okhosomola, pulinta yomangidwa ndi tepi, ndi kompyuta yoti ukaiyatsa umayamba wasesa kaye. Sukulu sanapite nayo patali, koma pepala likakodwa m'makina amadziwa ndi khutu pomwe lakodwa.

Pulogalamu ya pakompyuta imene amasindikizira makalata ndi zithunzi ndi yaulere, ilibe mwini mmodzi. Amaipanga ndi anthu ongodzipereka, wina kuno wina kutsidya kwa nyanja, osalipidwa. Magalasi ndi mmodzi wa iwo. Koma opangawo mapulinta awo ndi atsopano. Matenda a pulinta yokalamba angawadziwe bwanji? Amawadziwa ndi Mayi Fotokope. Pulogalamu ikapotoza mizere, iwo amatenga kope n'kulemba tsiku, batani lomwe anadina ndi zomwe zatuluka, pepala lowonongekalo n'kulimata pomwepo. Loweruka lililonse Magalasi ankabwera, kujambula kopelo ndi foni, n'kutumiza ku gulu la opangawo pa akaunti yake. Zaka zitatu! Makope anayi odzaza!

Ndiye chaka chitatha, gululo linatulutsa tsamba lothokoza othandiza. Sanafunse munthu ayi. Anangouza kompyuta kuti iwerenge maakaunti otumiza zambiri. Magalasi anakhala wachitatu, ndi chithunzi chomwe, mano onse panja. Anamutumizira tisheti ndi kapu. Dzina la mayi, olo chilembo chimodzi.

Tisheti payokha akanaipirira. Chinawaotcha mtima n'chakuti mng'ono wawo anaika chithunzicho pa gulu la banja la pa foni, azakhali n'kulemba kuti banja lino latulutsa katswiri. Mayi anachiyang'ana chithunzicho kakhumi. Anachikulitsa, kuchichepetsa, kuchikulitsanso.

"Katswiri wake uti?" anakuwa, akugwedeza kope pamphuno pa Magalasi. "Inuyo inki munaigwirapo? Taonetsani zala! Zosalala ngati za mkwatibwi!"

"Alamu, tsitsani mawu, makasitomala akumva."

"Amve! Ndiwo mboni zanga!"

"Ndinakuuzani kangati kuti mutsegule akaunti yanu? Munati zimenezo n'za ophunzira."

Zoona, mayi anaterodi. Koma sanachedwe.

"Ndiye dzanja linauma kulemba m'munsi kuti izi n'za alamu anga? Mawu anayi okha?"

Magalasi anavula magalasi ake, kuwapukuta ndi tisheti yomweyo. "Tengani kapu basi."

"Kapu? Ndimwere chiyani, manyazi anu?"

Bambo wina wodikira chitupa anaseka mpaka kutsamira khoma.

Tsiku lomwelo Magalasi anawatsegulira akaunti. Mayi anaima kumbuyo kwake, kumuuza dandaulo loti alembere gululo, n'kumawerenga mzere uliwonse kuopa kuti angawafewetsere mawu. Yankho linabwera patatha masiku awiri, laulemu mpaka kunyansa. Ati tikukuthokozani kwambiri mayi, koma tsambalo limapangidwa ndi makina, chaka chino sitingalisinthe. Ati musadandaule, mulimo ndithu, m'munsi mwenimweni, pamene palembedwa kuti "ndi ena ambiri."

Ndi ena ambiri! Munthu wa makope anayi!

Mayi anati alisindikize tsambalo, alimate pakhoma, aliyense wolowa aone kuba kwa masana. Anadina batani. Pulinta inabuula, pepala n'kutuluka. Mayina onse analipo, chithunzi chinalipo, koma mutu wa Magalasi pulogalamu inali itaudula pakhosi. Vuto latsopano, loti palibe analionapo.

Anaseka mpaka misozi. Kenako anazindikira kuti dzanja lawo latenga kale kope, lalemba tsiku ndi batani. Pulogalamuyi amaikonda, eti, ndiyo imawadyetsa, ndipo mawa idula mutu wa kasitomala wosalakwa. Anamata pepalalo, kutsekera kope mu dirowa, kiyi n'kumangirira pakhosi.

Loweruka Magalasi anabwera atavala shati wamba, foni ili m'manja.

"Alamu, kope lija?"

"Lili m'ndende. Khalani pansi mulembe, pa akaunti yanga. Muwauze kuti vuto ndalipeza, ndipo ndi lalikulu. Koma silituluka mu dirowa muno mpaka munthu wopuma mpweya andiyankhe, osati makina. Ndani anauza kompyuta kuti wotumiza ndi munthu, wopeza ndi 'ena ambiri'? Atchule dzina lake ngati ali nalo, ayankhe mlandu umenewu!"