Chithunzi cha Nkhokwe Chodulidwa Ngodya

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa ndinaipeza ndili kale ndi adzukulu asanu. Akatekisiti kwathu ku Malomo analengeza kuti kwabwera mtsikana wa ku yunivesite, Tadala, wofufuza za kasungidwe ka mtedza, ndipo akufuna womuthandiza wodziwa kuwerenga Chingerezi. Ine ndinapita kukangoona ngati sanali kazitape wa akuba. Mlendo wofunsa za m'nkhokwe za anthu sindimuchotsa diso.

Tadala anandilemba ntchitoyo, n'kundiphunzitsa laputopu masabata awiri, osatopa nane. Ntchito yanga inali yosaka pa intaneti zithunzi ndi mapu zomwe eni ake analoleza aliyense kugwiritsa ntchito. Chilichonse ndinkachilembera khadi lake: mutu wa chithunzi, dzina la wojambula, keyala ya tsamba ndi zilembo za chilolezo. BY ndiye kuti tchula mwini. NC, usachite nacho malonda. ND, usachisinthe.

"Agogo, chaulere sichopanda mwini," ankatero. Pamenepo ndiye tinayamba kumvana.

Tsiku lovuta linali lotumiza lipoti lake. Aphunzitsi ake anali atachenjeza kuti chithunzi chimodzi chopanda chilolezo chenicheni chibweza lipoti lonse, ndipo mwanayo adikira chaka china. Pachikuto anaikapo chithunzi chokongola cha nkhokwe chomwe anachipeza yekha. Nditachikuza ndinaona phazi la mayi wopeta litathera m'malere, ndipo pangodya panatsala timichira ta zilembo.

"Mwanawe, mbuzi iyi aidula khutu kuti mwini asaizindikire."

"Agogo, inu mumakayikira ngakhale mvula ikugwa! Tsamba lalemba BY."

"Tsambalo ndi malume ako?"

Anaseka, koma anandisiyira makinawo. Ndinaponya chithunzicho m'chosakira zithunzi. Netiweki inkachita manyazi ngati mtengwa, mpaka ndinakwera pachulu, laputopu ili m'manja. Choyambirira chinatuluka: dzina la wojambula lili pangodya pomwe paja, ndi mawu oletsa kuchitenga popanda kupempha. Woika patsamba lija anangodula n'kunamizira chilolezo.

Tadala anakhala pansi, manja m'mutu. Kunali kutatsala maola awiri, ndipo nkhokwe yolukidwa motero ankaifotokoza m'mutu wonse wachitatu.

Ndinamugwira dzanja mpaka kuseri kwa nyumba yanga. Nkhokwe yanga ya mtedza, yolukidwa chimodzimodzi, sindionetsa ngakhale apongozi, koma tsiku limenelo ndinachotsa minga yomwe ndimatchingira. Anandipatsa foni kuti ndijambule ndekha. Zithunzi zitatu zinatuluka ndi chala changa, chachinayi chinagwira.

Kenako anandisunthira khadi lopanda kanthu.

"Wojambula ndinu, agogo. Mupereka chilolezo chanji? Mukalola, aliyense padziko angachitenge."

Aliyense! Anthu oti sindidziwa ngakhale mfunda wawo. Komatu miyezi yonseyo ndinkatola za anthu ondikhulupirira osandiona.

"Lemba BY. Atenge, koma Esinati Naphiri atchulidwe. Ndipo usalembe mudzi, akuba nawonso amawerenga."

Lipoti linapita nthawi yake, ndipo silinabwerere.

Ndinatolapo ichi: chinthu ukachipeza poyera, usakhulupirire wochinyamula, funsa wochipanga. Mpaka lero wina akanditumizira chithunzi pafoni, ndisanachiyamikire ndimafunsa kuti anajambula ndani. Amadandaula kuti agogo mwayambanso, koma amayankha.