Tepi Yakuda pa Hanesi ya Achimwene

Ndine ndinayambitsa zonse, sindikana. Koma amene anandiulula uja sindinamukhululukire mpaka lero.

Kusukulu kwathu ku Kabwata belu lathu linali limu yakale ya galimoto yokoleka pamtengo. Akaimenya ndi chitsulo, buleki yatha. Ine ndinaona kuti limuyo itakakhala pamwamba pa thanki ya madzi, buleki siingathe. Ndinauza mnzanga wa benchi limodzi, yemwe tinkanyemerana chitumbuwa kuyambira giredi faifi, ndipo anaseka mpaka kugwira pamimba.

Vuto linali kukwera masana anthu akuona. Apa m'pamene ndinakumbukira hanesi ya achimwene. Iwo amakhoma zikwangwani pamwamba pa nyumba zosanja m'tauni, ndipo hanesiyo ndi malamba ovala m'mapewa ndi m'ntchafu, okhala ndi chingwe chokoleka kuchitsulo kuti munthu akaterereka asafike pansi. Lachisanu limenelo sanapite kuntchito, ndiye ndinaiponya m'chikwama pamodzi ndi chipewa chawo cholimba ndi vesiti yonyezimira.

Munthu wovala zimenezi palibe amamufunsa. Ndinadutsa pamaso pa mlonda yemwe amandithamangitsa tsiku lililonse chifukwa chochedwa, iye n'kundikwezera dzanja: "Mwauka bwanji, ba bwana?" Ndinakwera makwerero a thanki n'kukoleka chingwe cha hanesi kuchitsulo, mnzanga anamangirira limu pachingwe choyanikira zovala, ine n'kuikokera m'mwamba. Zonse zinayenda. Potsika ndinafuna kumumenyera saluti mnzangayo, phazi n'kuterereka.

Ndinangomva "trrrr" kumsana. Pachingwe cha hanesi pali kathumba, mkati mwake muli lamba wopindapinda wosokedwa. Munthu akagwa, ulusiwo umaduka pang'onopang'ono kuti msana usathyoke. Kathumbako kanang'ambika, lamba yense anatambasuka, ine ndili lende, miyendo ikupalasa mphepo. Mnzanga anakwera n'kundikokera kumakwerero ndi mwendo.

Kuseri kwa zimbudzi tinayang'ana lambayo.

"Boi, iyi yasila," anatero, kutanthauza kuti yatha ntchito.

"Siinasile. Nizamanga na tepi."

Ndinamupindapinda mmene analili, n'kukulunga tepi yakuda ya magetsi mwaluso. Mnzanga ananyambita chala n'kuloza kumwamba, kulumbira kuti sadzaulula: "Nikakamba, nife." Buleki ya tsiku limenelo inatalika mpaka aphunzitsi anayamba kuimba mluzu ndi zala.

Ndisaname, ndinkadziwa. Achimwene ankanena kawirikawiri kuti kathumbako kamagwira ntchito kamodzi basi, kakang'ambika kapulumutsa munthu mmodzi ndipo wachiwiri sikamudziwa. Koma ndinadziuza kuti munthu amene sanagwepo zaka zonsezi angagwe bwanji mawa lomweli? Ndimati ndiwauze Lolemba. Kapena Lachiwiri.

Loweruka m'mawa achimwene anali pakhonde akulongedza chikwama. Anali ndi ntchito panyumba yosanja ina chakufupi ndi City Market. Ndinawaona akulowetsa hanesi osaiyang'ana, mtima wanga n'kukhala pansi. Kenako geti linalira. Mnzanga uja, malaya oyera opisira, Baibulo m'khwapa, ali paulendo wa ku Sabata. Ndinamumwetulira. Iye anandidutsa ngati ndine mtengo wa mapeyala.

"Bakamba," anatero kwa achimwene, mmene timaitanira akuluakulu, "osakwela nayo iyo."

Achimwene anatulutsa hanesi, anapeza tepi, n'kuyamba kuimatula pang'onopang'ono. Lamba anagwera pansi, ulusi uli balala. Mpaka pamenepo mwina ndikanamumvetsa, chifukwa anthu a Sabata mtima umawavuta Loweruka. Koma anawonjezera akundiloza:

"Ine nenze chabe pansi. Ni eve anakwela, ni eve anamanga tepi."

Pansi! Nanga limu inadzimangirira yokha? Nanga amene anagwira lamba ine ndikukulunga anali agogo ake? Akanabwera kwa ine choyamba n'kunena kuti boi, kawauze wekha kapena ndiwauza ndine, ndikanapita. Mwina. Koma kundidutsa pakhonde lathu lomwe, pamene wakhala akumwerapo tiyi wa amayi anga zaka zonsezi?

Achimwene anamuthokoza, n'kumugwira dzanja ndi manja awiri. Kenako anandiyang'ana.

"Nsanjika zisanu ndi imodzi, iwe. Ukanawauza chiyani amayi?"

"Simukanagwa, achimwene."

"Iwenso sunkati ugwa."

Sanandimenye. Analowa m'nyumba n'kutulukamo ndi sizasi yaikulu ya bambo yodulira nsalu, n'kundiuza kuti hanesi imene munthu wagwa nayo kale imadulidwa yonse, kuti wina asadzaitole n'kuikhulupirira. Ndinaidula ndekha, iwo ataima pambali, mpaka zala zinatuluka matuza. Akumaliza anati holide yonse ndizikawagwirira makwerero ndi kuwanyamulira zida, phazi langa lisachoke pansi.

Holide imeneyo inandikomera. Tauni ndinaidziwa yonse, tchipisi cha masana ankagula ndi iwo, ndipo mabwana ena ankanditcha injiniya. Chidutswa chimodzi cha hanesi ndinachibisa, n'kukachiikitsa bakolo kwa wosoka nsapato. Ndi lamba wanga wa kusukulu tsopano, wachikasu, woonekera patali. Mnzanga uja timakhalabe benchi limodzi, poti aphunzitsi ndi amene amagawa malo. Akandibwereka rula ndimakweza juzi kaye kuti lambayo amuone bwino, kenako n'kumuuza kuti ndilibe.