Pepala lonena za ife a ku Maramba

Chaka changa chomaliza ku koleji ya uphunzitsi ku Livingstone, m'zaka za m'ma 1990, aliyense ankayenera kulemba kafukufuku wake. Ine ndinasankha mmene amayi a mumsika wa Maramba amasinthira chilankhulo pogulitsa: uyu amulonjera m'Chitonga, uyo amunyengerera m'Chilozi, wina amukalipira m'Chinyanja chathu cha m'tauni. Ndinakulira momwemo.

Aphunzitsi oyang'anira ntchitoyo anaseka. "Zolongolola za mumsika si maphunziro. Undibweretsere pepala limodzi lokha limene wophunzira analembapo za nkhaniyi mwezi uno usanathe. Apo ayi, usinthe mutu." Ndine wa mtima wapachala, koma tsiku limenelo ndinangotuluka n'kulunjika ku laibulale.

Sabata yathunthu ndinafukula timakhadi m'madirowa a laibulale mpaka zala kuda, osapeza kanthu. Amayi oyang'anira laibulale, amene tonse tinkawaopa chifukwa cha diso lawo, anandipeza nditagwira tsaya.

"Ni chani iwe?"

"Ba anti, za ise kulibe analemba."

"Wafunsa madirowa chabe. Bwela kuno."

Tinalowa m'kachipinda ka kumbuyo, iwo n'kuvundukula chitenje patebulo. Pansi pake panali kompyuta, yoyamba kuiona ndi maso angawa. Analowetsamo kachimbale konyezimira, kochepa ngati sosa, nati mmenemo muli mitu ya zolemba za m'mayunivesite akutali. Mumtima ndinati mayiwa akundinamiza. Anatayipa ndi zala ziwiri, makinawo n'kung'ung'udza, mizere n'kuyamba kutsika. Iwo analoza umodzi. Munthu wina kutsidya kwa nyanja anali atalemba za kalankhulidwe ka m'misika ya m'matauni mwathu.

Pepala lenilenilo munalibe. Anadzaza fomu, naitumiza pa positi ku laibulale yaikulu ku Lusaka, kuti iwonso akapemphe kwa anzawo akunja. Ndinkapita kukafunsa tsiku lililonse mpaka anayamba kumangopukusa mutu ndikangosuzumira pakhomo.

Envulopu inafika mwezi utatsala masiku atatu. Ndinaitsegulira pomwepo. Pakati pa Chingerezi chovutacho panali mawu athu enieni, monga timawalankhulira pa tomato ndi kapenta, osakonzedwa, aliwonse ndi kufotokoza kwake. Mawu omwewo amene ankatikwapulira tikawalankhula ku pulayimale. Ndinali ndisanaganizepo kuti kachipinda kafumbi kaja kangaitane munthu wa dziko lina kudzandichitira umboni.

Nditawapititsira pepalalo, aphunzitsi aja anawerenga ali chiimire, tsamba loyamba, lachiwiri, kenaka anakoka mpando. Anakhala pansi n'kuwerenga mpaka kumapeto.

"Mutu wako upitirize," anatero. "Kodi ungandibwerekeko pepalali mpaka Lolemba?"

Ndinawayankha mwaulemu wonse kuti pepalalo si langa, ndi la laibulale, akalembetse kwa ba anti ngati wina aliyense. Madzulo ake ndinawaona ali pamzere, kumbuyo kwa ana a chaka choyamba.