Amene Ananeneza a Maseko

Ndikakumbukira agogo anga aakazi, mphuno zimandiyabwa. Ankakhala pakhonde lathu ku Matema, dzuwa la ku Tete likuwotcha malata mpaka kuthetheka, iwo akugogoda kabotolo ka fodya wamphuno pachikhatho, n'kukoka pang'ono, n'kupukuta misozi ndi nsonga ya nsalu yawo ya kapulana. Miyendo inawafooka atangobwerako ku Malawi, choncho wokagula fodyayo ndinali ine.

Wogulitsa anali a Maseko, oyandikana nafe nyumba, ochokera ku Angonia. Pabanka yawo, kamsasa ka mabango kogulitsirapo, sankangothira n'kutseka ayi. Ankanditsinira kaye pachikhatho. "Lawa, mdzukulu, ukawauze agogo ako kuti ndi waukali." Ndinkayetsemula, iwo n'kuseka. M'kupita kwa nthawi ndinasiya kuyetsemula.

Lamulo loletsa kugulitsa fodya kwa ana tinkangolimvera pa wailesi, kwathu palibe ankalilabadira. Koma tsiku lina ndikulandira kabotolo, panatulukira afisikali awiri, oyendera malonda ochokera ku munisipiyo, ofesi ya boma ya mzinda. Sanayang'ane n'komwe mabanka ena. Analunjika kwa a Maseko, kuwalanda thumba lonse la fodya, n'kuwalipiritsanso muluta, ndalama ya chindapusa.

Kuyambira pamenepo a Maseko ankaona kazitape mwa aliyense. Mwana akangoyandikira ankavundikira katundu, moni wanga sankayankha. Agogo atakhala masiku kabotolo kalibe kanthu, anadzikoka ndi ndodo mpaka pabanka paja, ine ndili pambuyo.

"Inu a Maseko, mphuno iyi ndi yanga. Boma lili ndi yake. Ndithireni."

"Mayi, anthu aja anadziwa ola lake, anadziwanso mwana wake. Wandipereka ine amadya m'nyumba mwanu."

Agogo anabwerera chimanjamanja, n'kuyamba kutiyang'ana ndi diso la nkhwezule mmodzimmodzi. Anakayikira amalume, poti ankamwera limodzi ndi anthu a ku munisipiyo. Anakayikira ngakhale ine, ati mwina ndinalongolola kusukulu. Amayi okha ndi amene anapulumuka, chifukwa ankatukwana boma kuposa tonsefe, uku akusesa pamalo posesa kale.

A Maseko anapasula banka n'kubwerera kwawo osatsanzika. Agogo anatsala ndi fodya wozizira wa kumsika, amene amayi ankawagulira akakumbukira, ndipo anatisiya akudandaulabe kuti akalamba n'kumalamulidwa mphuno ngati mwana. Zinkandipweteka, ndipo zimandipwetekabe.

Chaka chatha ndinawafunsa amayi mosapita m'mbali ngati anali iwo amene ananeneza a Maseko. Anapitiriza kusankha nyemba m'lichero.

"Unasiya kuyetsemula," anatero. "Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu."

Kabotolo kaja ndili nako, ndipo fungo silinatheretu. Nthawi zina ndimakatsegula n'kununkhiza, ndikudziuza mawu a agogo, akuti mphuno ndi yanga. Koma ndikangomva mapazi a mwana wanga pakhomo, ndimakabisa msanga.